HARD DRIVE IKAKANA KUONETSA KANEMA WA UKWATI

Akuluakulu a m'midzi ya Cigawo ca Kum'mawa akali kukumbukira masiku amene galimoto ya Zambia Information Services inali kufika pa bwalo la sukulu dzuwa litapendeka, ndi kuonetsa kanema kwa mudzi wonse. Lero kanema ali m'nyumba. Ukwati wa mwana, maliro a agogo, kwaya ya ku chalichi, Nc'wala ya ku Mtenguleni m'mwezi wa February ndi Kulamba kwa ku Mkaika m'mwezi wa August, zonsezi mabanja ambiri amazisunga m'kabokosi kochedwa hard drive, kamene amakalumikiza ku TV ndi nthambo ya USB.

Tsoka limadza pa tsiku limene abale asonkhana kuti aone mwana wao atavala zoyera, koma TV ingokhala cete, kapena ilemba kuti siikudziwa failo imeneyo. Ambiri amataya mtima msanga. Kawirikawiri kanemayo amakhala ali momwemo, wathunthu, ndipo cimene cimamuononga ndi phuma la anthu ofuna kukonza.

Coyamba kucikaikira ndi magetsi. M'kati mwa hard drive ya mtundu wakale muli timbale tozungulira mwaliwiro, ndipo mphamvu yozunguzira timbaleti imadzera m'nthambo yomweyo ya USB. Kabowo ka USB 2.0 kanapangidwa kuti kazipereka mamiliampeya 500, pamene ka USB 3.0 kamapereka 900. Flash imakhuta ndi mphamvu yocepa, koma hard drive imafuna yambiri, makamaka poyamba kuzungulira. Ikapereweredwa, kanyali kake kamaphethira, m'kati mumamveka kugogoda, ndipo kanema amaima pakati. M'nyumba zodalira sola, vutoli likhoza kukula usiku batire ikafooka. Mwini wake ayese nthambo yaifupi imene inabwera ndi hard drive, ndipo ngati kumbuyo kwa TV kuli kabowo kolembedwa HDD alumikize pamenepo. Koma kugogodako kukapitirira ngakhale pa kompyuta yabwino, aizule ndi kuisunga, cifukwa yaonongeka m'kati. Asaitsegule ndi sukulu draiva. Kafumbi kamodzi kogwera pa timbale tija kakhoza kufafaniza zimene katswiri akanapulumutsa.

Hard drive iriyonse iri ndi kaundula wake, wonena pamene failo iriyonse yagona. Akaundulawa ndi amitundu yosiyana. Makompyuta a Windows amadziwa FAT32, NTFS ndi exFAT, imene kampani ya Microsoft inatulutsa m'caka ca 2006. Makompyuta a Apple ali ndi yaoyao, HFS+ ndi APFS, ndipo yaciwiriyi inayamba m'caka ca 2017. Conco mwana wogwira nchito ku Lusaka kapena ku Johannesburg akatumiza hard drive yokonzedwa pa kompyuta ya Apple, TV ya kumudzi ikhoza kuiona ngati yopanda kanthu, cikhalireco makanema onse ali momwemo. Kabuku kamene kamabwera ndi TV kamanena mitundu imene TV-yo imawerenga. FAT32 ndiyo imawerengedwa pafupifupi ndi TV iriyonse, koma siilandira failo yoposa 4 GB, ndipo kanema wa ukwati wojambulidwa kuyambira ku chalichi mpaka ku madyerero amapitirira muyeso umenewu mosavuta.

Apa mpamene pagona ngozi yaikulu. Kompyuta ikalephera kuwerenga kaundula, nthawi zina imafunsa ngati mwini wake afuna kucita format. Munthu wosadziwa amavomera poganiza kuti akucapa dothi, osazindikira kuti akufafaniza kaundula yense. Safunsa anadya phula. Yankho loyenera ndi kukana, kufikira makanema onse atakoperedwa kwina ndi kompyuta imene ikutha kuwawerenga.

Nthawi zina maina a makanema amaoneka bwinobwino, koma mmodzi akakana, kapena amveka mau cabe popanda cithunzi. Maina ngati MP4, MKV ndi AVI ali ngati masaka: saka lofanana likhoza kukhala ndi cimanga kapena nshawa. Cimene ciri m'katimo ndi njira imene cithunzi cinapanikizidwira kuti cicepe. Njira yochedwa H.264 inakhazikitsidwa m'caka ca 2003, ndipo ma TV ambiri amaidziwa. Ya H.265 inadza m'caka ca 2013, ndipo mafoni ambiri atsopano amajambula nayo, kuphatikizapo iPhone kuyambira m'caka ca 2017. TV yakale siingaimasule. Ena amasintha dzina la failo kucoka pa MKV kukhala MP4, koma kutero kuli ngati kulemba "cimanga" pa saka la nshawa.

Coyesera cabwino ndi pulogramu yaulere ya VLC, imene inayambitsidwa ndi ophunzira a pa École Centrale ku Paris, ndipo imamasula pafupifupi mitundu yonse ya makanema. Kanema akaoneka pa kompyuta ndi VLC, ndiye kuti alibe cilema. Pamenepo pulogramu inanso yaulere ya HandBrake ikhoza kupanga kope latsopano la MP4 ya H.264, loti TV ilandire. Nchitoyi imatenga nthawi pa kompyuta yofooka, ndipo woyambayo asafafanizidwe.

Hard drive yoyendayenda m'mashopu oikira nyimbo ndi makanema imatengako kacirombo ka pa kompyuta kamene kamabisa mafoda eni-eni ndi kuika m'malo mwake tizithunzi tokhala ndi kamuvi pangodya. Tizithunziti sitiyenera kutsegulidwa. Kompyuta ikaonetsa kuti malo a m'hard drive akali odzaza, makanema alipo, ndipo wodziwa makompyuta akhoza kucotsa kaciromboko ndi kuwaulula.

Komabe pali makanema oonongekadi. Hard drive ikazulidwa kukopera kusanathe, kapena magetsi akazima pakati, monga zinali kucitika kwa maora ambiri m'caka ca 2024 pamene cilala cinacepetsa madzi a ku Kariba, failo imatsala yoduka. Poyerekeza kukula kwake ndi kwa failo yoyamba, kusiyanako kumaoneka. Banja lithamangire kwa wojambula uja msanga, popeza ojambula ambiri amafafaniza nchito zakale kuti apeze malo a ukwati wotsatira. Ngati format yacitika kale mwangozi, pa hard drive imeneyo pasaikidwe kanthu kena kalikonse, ngakhale nyimbo imodzi. Pulogramu ya PhotoRec imabweza mafailo ambiri otere, malinga ngati sanalembedwepo zina pamwamba, ndipo obwezedwawo asungidwe pa cipangizo cina.

Pa misika pamapezekanso ma flash acinyengo, olembedwa kuti ndi akulu pamene m'kati ndi ocepa. Amalandira makanema popanda kudandaula ndi kuonetsa maina onse, koma malo eni-eni akadzaza, zoikidwamo zimaonongeka ndipo sizingabwezedwe.

Banja lopangana ndi wojambula lingacite bwino kupempha makope awiri pa zipangizo ziwiri, limodzi likasungidwe ku nyumba ya cikuwamuna ndi lina ku cikazi. Ndalama yotsala iperekedwe kanemayo ataonedwa pa TV ya pa nyumba, kuyambira polowa m'chalichi kufikira pa gule womaliza.