Chisamaliro choyenera m'nyumba zosungira akuluakulu aulumali wa muubongo

Unduna woona za anthu aulumali ndi chisamaliro cha anthu ukufuna kuthandiza mabanja, mipingo ndi mabungwe kuzindikira chisamaliro choyenera m'nyumba zomwe mumasungidwa akuluakulu aulumali wa muubongo kapena omwe ali ndi autism. Kuno ku Malawi ambiri mwa anthuwa amakhala pakhomo ndi abale awo. Koma makolo akamakalamba, funso limadza lakuti mwana wawo, yemwe tsopano ndi bambo kapena mayi, adzasamalidwa ndi yani. Ena amayamba kuganiza zomupereka kumalo osungirako anthu, ndipo m'pofunika kuti adziwe zoyenera kuyang'ana.

Anthu ake ndi otani?

Ulumali wa muubongo umaoneka munthu akali mwana ndipo amakhala nawo moyo wake wonse. Munthuyo amatenga nthawi kuti aphunzire chinthu chatsopano, ndipo angafune thandizo pa ntchito za tsiku ndi tsiku monga kusamba, kuphika kapena kuwerenga ndalama. Autism imakhudza momwe munthu amalankhulira ndi kuchezera ndi anzake, komanso momwe amamvera phokoso, kuwala ndi kukhudzidwa. Ena amakhala ndi zonse ziwiri, ena chimodzi chokha. Zonsezi si misala, si zolodzedwa ndipo sizipatsirana. Munthu wotere akakwanitsa zaka 18 ndi wamkulu, ndipo ayenera kupatsidwa ulemu wa munthu wamkulu.

Zomwe zidachitika ku Winterbourne View

Mayiko omwe ali ndi nyumba zambiri zotere adakumana ndi zowawa zomwe aliyense angatengerepo phunziro. M'mwezi wa May chaka cha 2011, wailesi ya kanema ya BBC idaonetsa zomwe mtolankhani wake adajambula mobisa ku Winterbourne View, chipatala cha kampani pafupi ndi mzinda wa Bristol ku England, komwe kunkagonekedwa akuluakulu aulumali wa muubongo ndi autism. Ogwira ntchito ankamenya anthuwo makofi, kuwapanikiza pansi ndi mipando, kuwathira madzi ozizira ngati chilango ndi kuwanyoza. Malowo adatsekedwa chaka chomwecho. Ogwira ntchito 11 adapezeka olakwa kubwalo la milandu, ndipo asanu ndi mmodzi mwa iwo adatsekeredwa m'ndende.

Chomwe chidasowa kumeneko si ndalama, pakuti boma linkalipira mapaundi pafupifupi 3,500 pa sabata pa munthu aliyense. Kafukufuku yemwe adachitika pambuyo pake adapeza kuti malowo adali obisika kwa anthu akunja. Ambiri mwa ogonekedwawo adachokera kutali ndi kwawo. Abale akabwera kudzacheza sankaloledwa kufika kuzipinda zogona. Ogonekedwawo akadandaula, mawu awo sankakhulupiriridwa chifukwa cha ulumali wawo. Namwino wina wamkulu adaulula za nkhanzazo kwa akuluakulu a kampaniyo komanso ku bungwe loyendera zipatala la Care Quality Commission, koma palibe chidachitika kufikira pamene adapita kwa atolankhani.

Zoopsa zina zidachitika kufupi, m'chigawo cha Gauteng ku South Africa. M'chaka cha 2016 akuluakulu a zaumoyo kumeneko, ponena kuti akupulumutsa ndalama, adasamutsa mwaphuma anthu oposa 1,000 odwala matenda a maganizo ndi aulumali wa muubongo kuwachotsa kuzipatala za Life Esidimeni, n'kuwapititsa kumabungwe omwe adalibe ziphaso zovomerezeka, antchito odziwa ntchito ngakhale chakudya chokwanira. Anthu 144 adamwalira, ambiri ndi njala, ludzu, kuzizidwa ndi kusowa mankhwala. Mabanja ena adakhala nthawi yaitali osadziwa komwe abale awo adapititsidwa.

Zoyenera kuyang'ana

Nkhani ziwirizi zikuonetsa kuti nyumba yokongola ndi mpanda wautali sizitsimikizira chisamaliro chabwino. Chofunika kuona ndi moyo wa munthuyo tsiku ndi tsiku, komanso ngati anthu akunja ali ndi mwayi wouona moyowo. Banja liyang'ane izi:

1. Abale aziloledwa kufika ngakhale sadanene za kubwera kwawo, kuona pogona, bafa, chimbudzi ndi chakudya, komanso kucheza ndi mbale wawo paokha.

2. Malowo akhale kufupi ndi kwawo kwa munthuyo, ndipo azituluka kupita kumsika, kokapemphera, kumaliro ndi kuukwati monga wina aliyense.

3. Osamalira azimudziwa munthuyo payekha: dzina lake, zomwe amakonda, zomwe zimamuopsa, ndi momwe amasonyezera ululu ngati salankhula. Munthu akayamba kukuwa kapena kudzimenya, nthawi zambiri amakhala akunena kuti pena pakumuwawa, watopa ndi phokoso kapena wachita mantha. Wosamalira wophunzitsidwa amafufuza chifukwa chake, sathamangira chingwe kapena loko.

4. Mankhwala aziperekedwa molangizidwa ndi dokotala ndipo azilembedwa m'kaundula. Kugonetsa munthu ndi mankhwala pofuna kuti asavutitse osamalira ndi nkhanza. Amene ali ndi khunyu asamadumphitse mankhwala ake.

5. Munthuyo azisankha yekha zomwe angathe kusankha, monga zovala ndi anzake ocheza nawo. Ndalama ndi katundu wake zizisungidwa moti abale athe kuzilondoloza.

6. Amayi ndi abambo akhale ndi zipinda zosiyana, ndipo pakhale chitetezo chokwanira ku nkhanza zogonana.

Mabala osadziwika chiyambi chake, kuonda mwadzidzidzi, kusinza usana wonse kapena kuchita mantha wosamalira wina akamayandikira ndi zizindikiro zosayenera kuzinyozera.

Zomwe malamulo akunena

Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza ulemu wa munthu aliyense ndipo limaletsa kuzunza munthu kapena kumuchitira zinthu zomunyazitsa. Gawo 20 limaletsa tsankho, kuphatikizapo losala munthu chifukwa cha ulumali. M'chaka cha 2009 dziko la Malawi lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Ndime 19 ya panganoli imapatsa munthu waulumali ufulu wosankha komwe akufuna kukhala ndi amene akufuna kukhala naye, ndiponso wolandira thandizo ali pakati pa anthu a m'dera lake. Choncho kusungira munthu kumalo apadera kusakhale njira yoyamba kuiganizira. Lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe lidalowa m'malo mwa la 2012, lidakhazikitsa bungwe la MACODA m'malo mwa MACOHA kuti liziyang'anira nkhani za anthu aulumali.

Kokanena

Aliyense amene waona kapena akukayikira kuti munthu waulumali akuzunzidwa, kaya kumalo osungirako anthu kaya pakhomo, akanene ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya m'boma lake, kupolisi kunthambi yothandiza ozunzidwa, ku MACODA kapena ku Malawi Human Rights Commission. Sikofunika kudikira umboni wonse, chifukwa kufufuza ndi ntchito ya maofesiwa. Unduna ukupempha ogwira ntchito m'nyumba zotere kuti asabise zoipa zomwe akuona, ndipo ukukumbutsa mabanja kuti kupereka mbale wawo kumalo osungirako anthu sikuthetsa udindo womuyendera kawirikawiri.