Zimene Zimayambitsa Zilonda Zapakhosi Mwadzidzidzi

Zilonda zapakhosi zoyamba mwadzidzidzi nthawi zambiri zimadza ndi mavairasi a chimfine, fuluwenza kapena COVID-19. Wodwala amatsokomola, amatuluka mamina, mawu amasasa, ndipo amachira pakatha pafupifupi sabata imodzi. Mankhwala monga amoxicillin, amene ambiri amathamangira kukagula pamsika, sapha mavairasi.

Zoopsa kwambiri ndi zilonda zodza ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus wa gulu A, amene amakonda kugwira ana a zaka 5 mpaka 15. Mwana amatentha thupi, amavutika kumeza, kummero kumaoneka mafinya, m'khosi mumatuluka mwanabere, koma kawirikawiri satsokomola. Akapanda kulandira chithandizo, pakatha masabata awiri kapena atatu angayambe kutupa molumikizirana mafupa, ndipo nthendayi imatha kuwononga mtima kwa moyo wake wonse. Achipatala amapewetsa zimenezi ndi penisilini: jakisoni mmodzi, kapena mapiritsi a masiku 10 ofunika kumwa mpaka kumaliza, ngakhale mwanayo ataoneka kuti wachira.

Wodwala amene akubanika, kapena akulephera kumeza ngakhale malovu, apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale utakhala usiku.