Fumbi la nyukiliya likagwera pa tiyi

M'kalasi la Physics ana a Fomu 4 anafunsa ngati ngozi ya nyukiliya ingatikhudze ife kuno ku Thyolo. Tinayankha ndi nkhani ya tiyi.

Pa 26 Epulo 1986, malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, anaphulika. Mphepo inanyamula fumbi lake kuwoloka nyanja ya Black Sea, ndipo mvula inaligwetsera m'minda ya tiyi ku Rize, m'dziko la Turkey, tiyi ali pafupi kuthyoledwa. Masambawo ankaoneka obiriwira ngati kale. Nduna ina, Cahit Aral, inamwa tiyi pamaso pa atolankhani pofuna kulimbitsa anthu mtima, komabe pambuyo pake tiyi wochuluka anachita kukwiriridwa. Mu 2011 ngozi ya ku Fukushima inaipitsanso tiyi wa ku Shizuoka ku Japan.

Fumbili limatulutsa cheza chotchedwa radiyeshoni. Sichioneka, sichinunkha, koma chimawononga maselo a thupi. Chikachuluka nthawi imodzi, munthu amasanza, tsitsi limathothoka, magazi amafooka. Chikamalowa pang'onopang'ono kudzera m'chakudya, khansa imatha kudzaonekera patapita zaka. Mu fumbili muli ayodini-131, amene mphamvu yake imatsika ndi theka masiku 8 aliwonse koma amathamangira ku chithokomiro. Ng'ombe zinadya msipu woipitsidwa, ana anamwa mkaka, ndipo pofika 2005 anthu oposa 6,000 a ku Belarus, Ukraine ndi Russia amene anali ana pa nthawiyo anali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Wina ndi siziyamu-137, amene amafuna zaka pafupifupi 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Ndiye amakhalitsa m'nthaka.

Malawi alibe malo otere. Tili ndi mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga, umene unatsegulidwa mu 2009, koma mgodi suphulika ngati Chernobyl. Choopsa chake ndi fumbi, mpweya wa radoni ndi madzi oipa kwa ogwira ntchito ndi midzi yoyandikira. Lamulo la Atomic Energy Act la 2011 ndilo limayang'anira zimenezi. Malo okhawo amene akupanga magetsi a nyukiliya mu Africa ndi Koeberg, pafupi ndi Cape Town, kumene abale athu ambiri ali pa ntchito. Makolo, uthengawu muwatumizireko.

Ngozi ikalengezedwa, lowani m'nyumba ya njerwa, khalani chipinda chapakati, tsekani mazenera, ndipo musatuluke kwa maola osachepera 24. Kuthamangira kudepoti n'kudzipereka ku fumbi. Amene anali panja avule zovala zapamwamba, azimange m'pulasitiki, asambe ndi sopo osadzikhula kwambiri. Kuvula kokhako kumachotsa fumbi lambiri. Idyani zomwe zinali zovundikira, ndipo madzi a mvula a padenga, ngakhale a chiperoni, musamwe.

Apa m'pamene ambiri timalakwitsa: kuwiritsa madzi kumapha tizilombo, koma radiyeshoni siiphedwa ndi moto. Mapiritsi a potaziyamu ayodaidi amateteza chithokomiro chokha, ndipo amamwedwa pokhapokha azaumoyo atalengeza pa wailesi. Mchere wa ayodini wa kugolosale sungalowe m'malo mwake. Mungadwale ndi mcherewo musanafike pa mlingo wofunika.