Mtima Ukamagunda Pang'onopang'ono

Mtima umapopa magazi usana ndi usiku. Munthu wamkulu akakhala pansi n'kupuma, mtima wake umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Tikagona umagunda mocheperapo. Anthu ena amphamvu, ozolowera ntchito yolimba, mtima wawo umagunda ka 50 kapena ka 55 okha, koma ali bwinobwino.

Ambiri a ife timamwa mapiritsi a mtima kapena a kuthamanga kwa magazi. Ena mwa mapiritsi amenewa ndi atenolol, propranolol ndi digoxin. Mapiritsi amenewa amachepetsa liwiro la mtima kuti usatope. Imeneyi ndiyo ntchito yake. Koma nthawi zina amauchepetsa kwambiri. Zikatero, magazi safika okwanira kumutu. Munthu angagwe kumunda, pachitsime kapena pamoto.

Tiphunzire kuwerenga kugunda kwa mtima

1. Tikhale pansi, tipume mphindi 5.
2. Tiike zala ziwiri pamkono, pafupi ndi chikhatho, kunsi kwa chala chachikulu.
3. Tisagwiritse ntchito chala chachikulu, chifukwa nacho chimagunda pachokha.
4. Tiwerenge kugundako mphindi imodzi yathunthu. Mnzathu ayang'ane wotchi kapena foni.
5. Tilembe tsiku ndi nambala m'kope.

Tichite zimenezi m'mawa uliwonse tisanamwe mapiritsi. Popita kuchipatala titenge kope lathu. Namwino akaona manambala a masiku ambiri, amadziwa ngati mapiritsi akutiyanja.

Tipite liti kuchipatala?

Nambala ikakhala pakati pa 50 ndi 60, ndipo thupi lili bwino, tisachite mantha. Tipitirize kumwa mapiritsi, ndipo tikauze namwino pa tsiku lathu.

Nambala ikatsika kuposa 50, tipite tsiku lomwelo.

Tipite msanga, wina atiperekeze, ngati nambala yatsika kuposa 40, kapena ngati tikumva chizungulire, kufooka kwambiri, kubanika, kupweteka pachifuwa kapena kusokonezeka mutu. Munthu amene wakomoka asadikire kuti kuche.

Tisasiye mapiritsi patokha

Ena akaona nambala yatsika amataya mapiritsi. Kumeneku ndi kulakwa. Munthu akasiya atenolol kapena propranolol mwadzidzidzi, mtima umathamanga, magazi amakwera, ndipo pachifuwa pangayambe kupweteka koopsa. Dokotala ndiye amachepetsa mapiritsi pang'onopang'ono kapena kuwasintha. Angathenso kupima mtima ndi makina a ECG. Kwa ena, mtima ukapanda kusintha, madokotala amaika kachipangizo pansi pa khungu la pachifuwa kothandiza mtima kugunda bwino.

Tikaiwala kumwa, tisamwe awiri nthawi imodzi. Tisamwe mapiritsi a mnzathu, ngakhale matenda akuoneka ofanana.

Tisamale nthawi ya kutsegula m'mimba

Impso ndizo zimachotsa digoxin ndi atenolol m'thupi. Tikatsegula m'mimba kapena kusanza, madzi amatha m'thupi ndipo impso zimafooka. Mankhwala aja amaunjikana m'magazi, mtima n'kuyamba kuchedwa. Digoxin akachuluka, munthu amachita nseru, safuna kudya, ndipo nthawi zina amaona zinthu ngati zachikasu. Tikaona zimenezi tipite kuchipatala msanga.

Tiuzenso namwino mankhwala onse amene tikumwa, ngakhale azitsamba. Mankhwala ena odontheza m'maso, monga timolol, nawonso amachepetsa liwiro la mtima.

Pakati pathu pali agogo amene sadziwa kulemba. Ife amene taphunzira manambala tiwawerengere, tiwalembere m'kope lawo.

Mafunso

1. Kodi mtima wa munthu wamkulu umagunda kangati pa mphindi imodzi?
2. Chifukwa chiyani sitisiya mapiritsi patokha?
3. Tiwerenge kugunda kwa mtima wa mnzathu. Tilembe nambala yake pabolodi.