Musanagule thirela, yambani mwawerenga manambala a galimoto yanu

Mpunga ukacha, aliyense wa pikiapu amayamba kulakalaka thirela kuti ulendo umodzi uzikwana. Inenso yanga ndinangogula kwa owotcherera, osafunsa kanthu. Ulendo wachiwiri, tikutsika Khwekhwelele ndi feteleza, mabuleki anayamba kununkha, phazi kumangolowa. Tinaima, Alhamdulillah, koma mwana wanga anafika pa Golomoti asanayankhule. Injinitu imakoka ndithu. Chovuta n'kuimitsa.

Tsegulani chitseko kapena boneti, mupeza kachitsulo ka manambala. GVM ndi kulemera konse kumene galimoto imaloledwa, anthu ndi katundu omwe. Tare ndi kulemera kwake ili yopanda kanthu. Muipeza m'mapepala a galimoto, kapena yolembedwa m'mbali. Tiyerekeze GVM ndi makilogalamu 2,800, Tare 1,900. Atsala 900. Musathamangire kuti ndiye matumba 18 a makilogalamu 50. Dalaivala ndi anyamata awiri ndi katundunso, tinene 200. Thirela nayo imatsamira pa chokokera ndi gawo ngati limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake: ya 750 yadya kale 75. Atsala 625. Matumba 12 basi.

Nanga thirelayo? Yopanda mabuleki akeake, mapikiapu ambiri, ngakhale Hilux, salola kupitirira makilogalamu 750, ndipo chitsulo cha thirelayo chili momwemo. Apa ndi pamene ine ndinagwa. Amisiri athu amakonda zitsulo zonenepa kuti tiziti n'njolimba. Ikalemera 300 payokha, mwatsala ndi matumba 9, ngakhale malo alipo a 20. Palinso GCM, malire a galimoto ndi thirela pamodzi. Nthawi zambiri simungadzaze zonse ziwiri mpaka pamapeto.

A kunyanja, maso amanama. Usipa wouma umadzaza thirela koma sulemera kwenikweni. Chambo cha mu ayezi ndi nkhani ina, lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu. Zolemerazo ikani patsogolo pang'ono pa matayala a thirela. Zikakhala kumbuyo imayamba kuvina mumsewu, n'kumakoka galimoto uku ndi uku.

Musanapereke ndalama, uzani mmisiri mupite naye pa sikelo mukaiyeze ili yopanda kanthu. Yanga ija ilipobe, koma masiku ano imangonyamula usipa ndi maukonde.