Nthano Kapena Bawo? Mkangano wa Akadaulo pa Masewera Apakompyuta

Maphunziro a masewera apakompyuta ndi nthambi yachichepere m'masukulu aukachenjede, koma inabadwa ndi phokoso. Amene amaitsata salimbana ndi mawaya a m'makina. Chidwi chawo chili pa zimene zimachitika munthu akagwira foni kapena kiyibodi n'kuyamba kusewera: tanthauzo la gemu limachokera pati, ndipo gemu imasiyana bwanji ndi buku kapena filimu. Magazini ya akadaulo a nthambiyi, Game Studies, inayamba kutuluka pa intaneti mu 2001, ndipo bungwe lawo la DiGRA linakhazikitsidwa mu 2003.

Pa nthawiyo n'kuti masewerawo atamera kale mano. Gemu ya Spacewar! inapangidwa ku yunivesite ya MIT ku America mu 1962. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Will Crowther, katswiri wolemba mapulogalamu amene ankakonda kulowa m'mapanga a ku Kentucky, anapanga Colossal Cave Adventure, ndipo Don Woods anaikulitsa mu 1977. Munalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Kompyuta inkafotokoza malo m'mawu, wosewera n'kulemba lamulo lalifupi, loti atole nyali kapena alowere kumpoto, kompyuta n'kumuuza chimene chatsatira. Kodi ameneyu ankawerenga kapena ankasewera? Funso limene linadzagawa akadaulo linayambira pamenepa.

Alembi nawonso anaona mwayi. Mu 1987 Michael Joyce anaonetsa nkhani yake yotchedwa afternoon, a story, ndipo kampani ya Eastgate Systems inayamba kuigulitsa pa madisiki mu 1990. Ndi nkhani ya bambo amene waona ngozi ya galimoto ndipo akukayikira kuti mwina munali mwana wake ndi mkazi amene anasiyana naye. Ilibe tsamba lomaliza monga buku. Wowerenga amadina liwu, liwulo n'kumutsegulira chigawo china, moti anthu awiri akhoza kuiwerenga tsiku limodzi n'kutulukamo ndi nkhani zosiyana. Shelley Jackson anatsata njira yomweyo mu 1995 ndi Patchwork Girl. Zolemba zotere, zobadwira pakompyuta ndipo zosatheka kuzisindikiza papepala osaziwononga, zinapeza bungwe lake la Electronic Literature Organization mu 1999.

Chaka cha 1997 chinatulutsa mabuku awiri amene anakhala ngati mafuwa a mkanganowo. Janet Murray wa ku America, m'buku la Hamlet on the Holodeck, anaona kompyuta ngati bwalo latsopano losimbirapo nthano, pomwe womvera amalowa m'nkhani n'kukhala mmodzi mwa ochita. Espen Aarseth wa ku Norway, m'buku la Cybertext, anayang'ana pa ntchito imene wowerenga amagwira. Anabweretsa liwu lakuti ergodic, lochokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza ntchito ndi njira. Wowerenga buku wamba amangoyendetsa maso ndi kutembenuza masamba. Wowerenga zolemba za ergodic amasankha, amalakwitsa, amabwerera, ndipo njira imene waisiya saidziwa zimene zinali kumeneko. Aarseth anaonetsa kuti zimenezi sizinayambe ndi kompyuta, pakuti buku lakale lamaula la ku China, I Ching, limawerengedwanso pochita mayere.

Kusiyana kwa maganizo awiriwa n'kosavuta kwa munthu amene anakulira pa nthano ndi bawo. Pa nthano, omvera amavomera kuti "tili tonse", amaimba nawo nyimbo, koma Kalulu akathera kumene wosimba wafuna. Pa bawo palibe wosimba. Pali maenje 32, nkhomo 64 ndi malamulo, basi. Chokoma chonse chili pa kuwerengera, kutakata ndi kudya nkhomo za mnzako, ndipo palibe amene amadziwa mathero mpaka wina atagonja. Nkhani imadzabwera pambuyo, ogonja ndi opambana akamakambirana mmene zinayendera. Akadaulo ena, makamaka a kumpoto kwa Ulaya, anati gemu ya pakompyuta ndi mbale wake wa bawo, osati wa nthano. Gonzalo Frasca wa ku Uruguay anafalitsa dzina lakuti ludology mu 1999, kutanthauza kuphunzira masewera monga masewera, kusiyana ndi narratology, maphunziro a kasimbidwe ka nkhani.

Pamene panatentha kwambiri panali pa Tetris, gemu ya timiyala togwa kuchokera pamwamba imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow chapakati pa zaka za m'ma 1980. Murray anaimasulira ngati chithunzi cha moyo wa Aamerika opanikizika ndi ntchito zosatha, zimene ukamaliza ina, ina yafika kale. Markku Eskelinen wa ku Finland anatsutsa mwaukali mu 2001. Iye anati uku n'kusomeka nkhani pamene palibe nkhani, n'kuiwala chimene wosewera akuchita ndi zala zake. Munthu akakuponyera mpira sudikira kuti mpirawo uyambe kukusimbira nthano. Eskelinen anali ndi mfundo, ngakhale anaikokomeza. Kuseri kwa ukaliwo kunalinso mantha omveka: akanavomera kuti gemu ndi mtundu chabe wa nkhani, nthambi yatsopanoyo ikanamezedwa ndi madipatimenti a mabuku ndi mafilimu isanaime payokha.

Mkanganowo unazirala msanga. Frasca yemweyo ananena mu 2003 kuti mbali ziwirizi sizinkamvetsetsana chabe, ndipo Jesper Juul wa ku Denmark, m'buku la Half-Real la mu 2005, anagwirizanitsa zonse: malamulo a gemu ndi enieni, kupambana ndi kugonja n'kwenikweni, koma dziko limene zikuchitikiramo ndi lopeka.

Phindu lalikulu limene linatsala ndi kuzindikira kuti malamulo pawokha amatha kulankhula. Chitsanzo chomveka ndi gemu yaing'ono ya September 12th imene Frasca ndi anzake anatulutsa mu 2003. Wosewera amaona tauni yodzaza anthu, mwa iwo muli zigawenga zochepa, ndipo chida chake ndi mzinga. Mzingawo umachedwa kufika, choncho umapha ndi osalakwa omwe. Olira maliro awo amasanduka zigawenga, ndipo akapitiriza kuwombera zigawengazo zimangochuluka. Phunzirolo limalowa kudzera m'manja a wosewera, poona zotsatira za zochita zake. Ian Bogost anafotokoza bwino kakopedwe ka anthu kotere m'buku la Persuasive Games mu 2007, ndipo mfundoyi ndi chida chofunika kwa kholo kapena mphunzitsi: pofuna kudziwa chimene gemu ikuphunzitsa mwana, zithunzi zokha sizikwanira, ayenera kuona khalidwe limene gemuyo imapereka nalo mphoto.

Vuto limene likusowetsa tulo ofufuza masiku ano ndi kasungidwe. Buku losindikizidwa zaka 300 zapitazo limawerengekabe, pamene disiki ya mu 1990 imafuna makina amene anasiya kupangidwa. Kampani ya Adobe itasiya kusamalira pulogalamu ya Flash kumapeto kwa 2020, ndakatulo ndi magemu ambirimbiri a pa intaneti anasiya kutseguka m'njira ya masiku onse. N'chifukwa chake ku Washington State University, mu mzinda wa Vancouver ku America, kuli labotale yotsogozedwa ndi Dene Grigar imene imasunga makompyuta akale a Macintosh ali amoyo, kuti nkhani ngati ya Michael Joyce ziziwerengedwabe pa makina amene zinalembedwera.