Musanapente Chitsulo Chakale

Kwathu ku Chiosya, m'boma la Mchinji, galimoto ikafa siithera pomwepo. Ekiselo ndi malimu ake zimasanduka miyendo ya ngolo, ndipo ngoloyo ndiyo imatuta chimanga ndi mtedza, kunyamula feteleza, mwinanso wodwala kupita naye kuchipatala usiku. Mu 2023 ndidapenta malimu a ngolo yathu osapala kanthu, ndipo adawala ngati atsopano. Dzinja limodzi litadutsa penti adatuluka matuza, kenaka dzimbiri la m'kati mwa limu lidaboola chubu, ngolo ili ndi matumba a chimanga pakati pa njira. Pa tchuthi chotsatira atsibweni adandikhazika pansi nati, "Mphwanga, penti sachiza chitsulo, amangochiveka."

Anzanga, dzimbiri limabadwa chitsulo chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni. Limafufuma kuposa chitsulo chimene lachidya, ndipo limasunga chinyezi. Mukalikwirira ndi penti limapitiriza kudya kunsi mpaka kumtukula. Feteleza wotayikira pa ngolo amalifulumiza, pakuti ndi mchere wokoka chinyezi.

Ntchito imayamba ndi girizi, osati dzimbiri. Ine ndidafuna kuthamangira sandipepa, koma atsibweni adandiletsa: mukakwecha pali mafuta, mumangowalowetsa m'timaenje ta chitsulo. Tidapala matope ndi girizi wouma ndi kampeni kakale, n'kutsuka ndi palafini ndi burashi. Palafini amasungunula girizi koma naye amasiya kamafuta kake, choncho tidatsukanso ndi madzi otentha a sopo waufa. Sopo akasowa, madzi a phulusa, chidulo chomwe chija amayi amaphikira therere, amathandiza ndithu. Petulo musayese; nthunzi yake imayaka ngakhale moto uli poteropo. Pofuna kudziwa ngati mafuta atha, thirani madzi oyera. Akayenderera ponse ngati nsalu yonyowa, zatheka. Akaundana timadontho, bwerezani.

Tsopano dzimbiri. Lokhuthala tidaligogoda ndi hamala, n'kupala ndi burashi yawaya, kutsiriza ndi sandipepa wokhakhala kenaka wosalala, mpaka chitsulo chotuwa chitaoneka. Apa m'pamene manja amatopa ndipo mtima umati basi zakwana. Sizinakwane ayi, makamaka m'ngalande ya limu mogona chubu, momwe diso silifikamo msanga. Tinkanyowetsa pang'ono popala penti wakale, chifukwa wina amakhala ndi mtovu ndipo fumbi lake ndi loipa kulipuma.

Mabawuti ndi manati tidawanyika mu viniga usiku wonse. Viniga wa m'sitolo ali ndi asidi pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse, wokwanira kufewetsa dzimbiri. M'mawa tidawakwecha, n'kuwatsuka m'madzi a soda kuti asidi afe. Masipuling'i okha sitidanyike, pakuti asidi amachititsa chitsulo cholimba chotero kuthyoka msanga. Ena amagwiritsa ntchito asidi wa m'batire. Ameneyo amadya chitsulo chabwino, khungu ndi maso omwe.

Chidandidabwitsa n'chakuti chitsulo chopalidwa chimayamba kufiira tsiku lomwelo chikasiyidwa chonyowa. Tidachipukuta, kuchiyanika padzuwa, ndipo dzuwa lisanapendeke tidapaka penti woyamba wofiirira uja, amene m'masitolo amati red oxide. Timpaka mopyapyala, osati mothimbirira, ndipo sitigwiranso chitsulo ndi manja athukuta. Maberingi ndi mazinga a mabawuti sapentedwa. Amenewo amafuna girizi watsopano. Penti wakuda wapamwamba adadikira mpaka mawa lake, mame atauma.

Limu imodzi sitidaipente n'komwe. Titaipala, atsibweni adaitukula kuloza kudzuwa ndipo kuwala kudatulukira m'timabowo tinayi. Adagula ina kwa owotcherera zitsulo ku Kamwendo. Yobookayo amayi adaitenga, lero ndi mbaula yawo yowotchera chimanga.